Kachitsulo Kamene Kakusowa

Lolemba, 9 Juni

Pobwera ku ntchito ndapeza alamu, achimwene awo a mayi a mwana, atakhuthula thumba pa tebulo lodyera. Tizipangizo takale tochenjeza za utsi, tija timamatidwa kudenga. Akuti atola kunyumba ina imene ikugwetsedwa, akufuna zitsulo za m'katimo. Akuswa ndi hamala. Pa tebulo lomwe timadyera! Mwana akukwawa pansi pomwepo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ku labu, kuntchito kwathu koyeza zinthu, thupi lokha, mutu uli kunyumba. Nditaweruka ndawafotokozera mofatsa. M'kati mwa kachipangizo kalikonse muli kachitsulo ngati mutu wa msomali, kotulutsa tinthu tosaoneka totchedwa alfa. Alfa ndi wolemera, sapita patali, pepala lokha limamutchinga. Beta amafuna chitsulo chopyapyala, gama amafuna mtovu. Sindinamalize n'komwe.

"Ndiye mwavomera nokha, alamu. Bambo wa ndevu kuopa chinthu chogonja ndi pepala?"

Mayi a mwana aseka nawo. Aseka!

Lachitatu, 11 Juni

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi palibe akufuna kuimva. Kunja kwa thupi khungu limatchinga, inde. Koma ukameza kachidutswa kapena fumbi lake, m'mimba mulibe pepala. Mphamvu yonse imathera pa mnofu womwe wakhudzawo. Ndipo sikazilala msanga, zidzukulu za zidzukulu zathu zidzakapeza kakadalavulabe.

Lero alamu afika pokwecha tizitsulo tija ndi tupa, ati aone ngati ndi golide.

Lachinayi, 12 Juni

"Bambo a mwana, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe. Achimwene ndi mlendo, musawachititse manyazi."

Mlendo! Ndatsuka tebulo, ndakolopa pansi, ndatsukanso tebulo. Kenako ndayala zigoba zoswedwa mbali ino, tizitsulo mbali inayo. Sizikufanana. Kamodzi kakusowa. Alamu akuti mwina kanathawa pepala.

Mwana wayamba kumera mano. Chilichonse n'cha m'kamwa.

Lachisanu, 13 Juni

Abwana andibwereka mita yoyezera alfa, yolira ikamupeza, ndi botolo lotsekera tizitsuloto. Sanaseke.

Loweruka, 14 Juni

Ndagwada, mita m'manja, kuyendetsa pafupi kwambiri ndi pansi. Alamu pa mpando akundiimbira mluzu. Pansi pa tebulo, zii. Kuseri kwa chitseko, zii. Kufika pa mkeka wa mwana, m'mphepete mopindika muja, pambali pa kamphira kamene amaluma: tiki, tiki, tikitikitiki.

Mluzu unaleka.

Mayi a mwana anang'amba tsamba la kalendala, n'kulilowetsa okha pakati pa mita ndi mkeka. Kulira kwa mita kunatsika. Anachotsa. Kunayambiranso. Anabwereza kachiwiri.

Sanandiyang'ane. Ananyamula mwana, n'kumutsegula pakamwa ndi chala, kuyang'ana mpaka kukhosi. Kenako anamubereka kumbuyo, mfundo yolimba.

"Achimwene, perekani hamalayo kuno. Mukasambe m'manja ndi sopo musanagwire chitseko changa."

Alamu anadzuka.