Udzu Wotuwa Uja Wamira

Amake mwana,

Musakomoke mukaona kuseri kwa nyumba. M'mawa ndinatsegula paipi kuti ndithirire udzu wanu wokongoletsa pakhomo, wotuwa ngati phulusa uja, poganiza kuti ukuuma. Foni itaitana ndinaiwala kutseka. Zitsinde zonse zisanu zamira m'matope.

Munandiuza kale kuti udzu umenewu sufuna madzi ambiri, mizu yake imaola msanga. Ndikudziwanso kuti ndi wokhawo womwe munatenga pakhomo pa malemu amayi anu.

Ndakumba kangalande kuti madzi achoke. Chonde musauzule. Ndathamangira kwa wogulitsa maluwa kukafunsa ngati ungapulumuke.

Pepani kwambiri. Zondikalipira sungani, ndibwera ndi makutu onse awiri.

Ndine wopalamula,
mwamuna wanu