Tadala wakana kuthira ufa

Lachisanu, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse.

Tadala, mwana wanga wa zaka khumi, wakana kuthira ufa pansembe lero. Tinali pansi pa mtengo wa mpoza kuseri kwa nyumba, kupempha mvula monga timachitira chaka chilichonse. Nditamupatsira lichero, anabisa manja kumbuyo.

"Ababa, amalume akuti zimenezi n'za ziwanda. Akuti ndikadzafa ndikapsa."

Sindinamukalipire. Ndinamuuza kuti amene timawatchula pamtengopo ndi agogo ake, mayi anga, omwe ankamubereka kumsana mpaka anayamba kuyenda. Iye anangofunsa kuti, "Ndiye agogo akupsa?" Ndinati ayi, koma anaona kuti umboni ndilibe. Amalume akewo alibenso, kungoti iwo amalankhula mokweza.

Baibulo ndinaliwerenga lonse kawiri, ndipo sindidana nalo. Koma pamudzi pano ndine mkamwini. Ana ndi akuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlamu wangayo, mkulu wa mpingo. Mkazi wanga anangoweramira chinangwa chimene ankasenda.

Lamulungu m'mawa alamu adzabwera kudzatenga Tadala ndi mng'ono wake kuti akawalembetse kalasi ya ubatizo. Malaya a anawo ndawachapira ndekha.