Botolo la Madzi Okhaokha

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndikusowa tulo, ndipo chifukwa chake ndi amuna anu.

Mukudziwa kuti ndine ndinagwadira abwana kuti alamu abwere kuno adzagwire ntchito yosintha madzi m'mabotolo ku labotale kwathu. M'mabotolomo timalera tiana ta tinkhanu ting'onoting'ono, toti popanda maikulosikopu mungati ndi fumbi. Kamwana kakamakula kamafundula, ndiye ine ndimakajambula nthawi iliyonse kakafundula. Tinkhanuti tikakula timasiyana kwambiri, koma chibale chake chimaonekera ku ubwana. Mitundu iwiri ikakhala ndi tiana tofanana, timaganiza kuti inachokera kwa kholo limodzi.

Pali mtundu wina wovuta, tiana take timafa tisanafundule kachiwiri. Alamu atangoyamba ntchito, imfa inatha. Tiana tinakula bwinobwino, tofanana ndendende ndi ta mtundu wa pa shelefu yam'munsi, umene palibe ankauganizira kuti ndi wachibale. Abwana anavina, achemwali, ndi chimimba chawo chija! Akuti akalengeza kumsonkhano wa akatswiri, dzina langa lili pamwamba.

Ine mtima unakana. Nditawafunsa alamu chinsinsi chawo, anangoseka, amvekere ali ndi dzanja labwino, ngakhale nkhuku zawo sizinkafa ndi chitopa. Koma bwanji amatseka chitseko akamasintha madzi? Nanga bwanji tiana ta pa shelefu yam'munsi tikuchepa, pomwe takufa sindikutiona?

Ndiye ndinawatchera msampha. Ndinathira madzi okhaokha m'botolo, n'kulembapo dzina la mtundu wovuta uja, n'kuliika pakati pa anzake. Lero ndalipeza muli tiana tikusambira mosatekeseka. Madzi abereka, achemwali!

Ndikuganiza kuti akapeza botolo lopanda chamoyo amaopa kuchotsedwa ntchito, ndiye amatapa kwina n'kuthiramo. Sindinawagwire akuchita ayi, koma kiyi wa chipindacho tili naye anthu awiri, ine ndi iwo.

Ndakwiya, komanso chisoni chandigwira. Ndikakhala chete, bodza lituluka ndi dzina langa, ndipo ena akadzalera mtundu womwewo adzaona okha kuti tinanama. Ndikanena, ana anu adya chiyani?

Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Auzeni apite okha kwa abwana msonkhano usanafike, poti wodziulula yekha mwina angamumvere chisoni. Akapanda kupita ndipita ndine, ndipo musadzati sindinakuuzeni.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa amayi ndi ana onse, koma nkhaniyi amayi isawafike. Alamu akugonabe pakhomo panga, chakudya ndikuwapakulira monga kale, kungoti kumaso sindikuwayang'ana.

Ndine mng'ono wanu.