Majombo a Bambo Pakhonde

LOLEMBA

Sisi 10:14
athyolanso nyumba yachitatu mu line ya amayi. masanasana! TV ndi mbaula zapita

Sisi 10:15
ndikufunse kanthu, usakwiye

Ine 10:41
funsani. mumandikumbuka kukabedwa, ndinazolowera kkk

Sisi 10:43
usatero iwe. amayi ali okha chimwalirireni bambo, ine ntchito inanditaya kutali. nthawi ija unkasankha bwnj nyumba yolowa?

Ine 11:20
🎤 voice note 0:34
"Sisi, wakuba saganiza za ndende. Zaka zinayi ndinakhalamo zija, sindinaziganizepo n'kamodzi komwe ndili pampanda wa munthu. Umangodzifunsa kuti muli munthu umu? Andiona ndani? Mtima ukakayika pang'ono, umapita nyumba ina. Basi."

Sisi 11:26
a komiti ya chitetezo akuti wogwidwa azithidzimulidwa. a neba akuti tiike chikwangwani cha galu wolusa

Ine 11:30
chikwangwani sichiuwa. za kumenyazo, wakuba aliyense amati wogwidwa akhala mnzanga osati ine

Ine 11:33
tulutsani majombo a bambo muike pakhonde. shati yawo imodzi pachingwe. wailesi izilira. makatani asamakhale otseka tsiku lonse, zimaoneka ngati anthu anachoka

Sisi 11:35
zkm. ndiwauza amayi kuti ndaziwerenga pa internet

Ine 11:35
osati kuti ndanena ndine?

Sisi 11:52
ukudziwa mmene zilili. makina awo osokera unagulitsa aja sanaiwale

Ine 11:53
ok

LACHISANU

Ine 13:22
sisi majombo aja akuwaulula amayi. muli masamba ouma, kangaude wamangamo nyumba. wakuba akaona choncho amadziwa kuti mwini wake kulibe

Sisi 13:40
unapitako??

Ine 13:41
ndinangodutsa pamsewu pa lunch. kawiri

Sisi 13:44
amayi akuti sangawagwirenso. tsiku lowatulutsalo analira mpaka BP kukwera

Ine 13:45
ndiziwasuntha ine. 10 mins kuchoka ku workshop

Sisi 13:46
AYI. a komiti akakuona pa geti? ndi mbiri yakoyo adzakuphera pompo

Ine 13:50
tsiku lonse ndimawotcherera ma burglar bars a anthu osawadziwa. kwathu khonde lokha ndisaponde?

Ine 14:30
sisi

Ine 17:05
ndine wosungulumwa heavy. ku workshop ndikalowa anthu amabisa mafoni

LACHIWIRI

Ine 13:31
ndapita. musakalipe, palibe wandiona

Ine 13:32
majombo aja ndinawavala, nkuponda matope a pampopi paja, nkuwabweza mbali ina ya chitseko

Ine 13:34
akundikwana ndendende. sindinkadziwa kuti phazi lathu ndi limodzi

Ine 13:35
maliro a bambo ndinamvera kwa woyang'anira ndende, lero ndavala majombo awo. ndinakhala pansi kaye

Sisi 15:10
📞 missed call

Sisi 15:11
udzandipha ndi mtima iwe

LACHINAYI

Amayi 14:02
Majombo ali ndi matope atsopano dzana, dzulo ndi lero. Akufa sayenda. Ndiwe?

Ine 14:19
ndine amayi. pepani. sindinakhudze china chilichonse

Amayi 14:31
Ndikudziwa. Ndinawerenga zonse za pakhonde, ndi tsache lomwe.

Ine 14:32
eya

Amayi 14:40
Ndinali pawindo. Dzana nditamva majombo akugunda pa simenti ndinayesa ndi bambo ako. Ndinatsala pang'ono kutsegula.

Amayi 14:41
Wawonda.

Ine 14:44
ntchito amayi. ndimawotcherera zitsulo, chaka chachiwiri tsopano. sindinatengepo cha munthu

Ine 14:58
mawa ndingagogode? ndingokupatsani moni, sindilowa

Ine 18:12
amayi

LACHISANU

Amayi 09:06
Dzulo athyola kwa a nesi, kuseri kwathuku. Kwathu adumpha, sanalowe. A neba akuti ndakwatiwanso.

Ine 09:07
kkkk asiyeni aziganiza choncho, ndiye bwino

Amayi 09:20
Uzibwera 1 koloko tsiku lililonse. Geti ndizisiya yosakhoma. A komiti ndawauza kuti asakugwire, ndiwe mwana wanga.

Ine 09:21
zikomo amayi. zikomo kwambiri

Amayi 09:23
Koma usagogode.

Ine 09:40
chabwino amayi

Ine 12:48
ndanyamuka. mukhala pawindo?
✓✓