Amayi, Lekani Kumwa Ndere Zija

Kufupi ndi Cape Town,
9 Julayi

Okondedwa Amayi,

Assalamu alaykum. Mwadzuka bwanji, nanga khosilo likuti bwanji? Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mutakhala pamthunzi, osati mukutembenuza usipa pathandala ngati kuti ku Chipoka konse kulibe wina wodziwa kuyanika. Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah, kungoti madzi ozizira anding'amba m'manja.

Ndapempha achemwali a Raisa kuti akuwerengereni pang'onopang'ono, osadumpha mzere. Pa foni mumandidula ndisanamalize.

Ntchito ndi yomwe ija. Timadula ndere za m'nyanja ya mchere, zazitali ngati nsungwi, n'kukadyetsa nkhono zikuluzikulu zimene abwana amaweta m'mathanki. Mwana wa msodzi kudyetsa nkhono! Malemu bambo akanamva akanaseka mpaka kutsokomola.

Koma chimene ndalembera si chimenecho. Achemwali andiuza kuti chiyambire kuwiritsa ndere zouma zimene ndinakutumizirani kudzera mwa a Binali mu Epulo, mtima wanu ukuthamanga, thukuta silikuuma ngakhale kuzizire, ndipo manja akunjenjemera moti ulusi sukulowa m'singano. Akuti mukudya bwino koma mukuonda. Ndamvanso kuti inu mukuti amenewo ndi mankhwala akulimbana ndi matenda, ndipo aliyense wobwera pakhomo mukumuonetsa phukusi la mwana wanu wa ku Joni.

Amayi, si choncho. Ndinalakwitsa ndine.

Kuno kumabwera mayi wina, dzina lake Elsie, wophunzira pa yunivesite, amene amayeza nderezi. Sabata yatha ndinamuuza monyadira kuti mayi anga ali ndi chithokomiro, ndipo poti ndinamva kuti chotupa chotere chimadza posowa ayodini, ndawatumizira ndere. Ndimayembekeza kuti andiyamikira. Iye anaika pansi zimene ananyamula n'kundifunsa kuti mukumwa kangati pa tsiku. Nditati m'mawa ndi madzulo, anandiyang'anitsitsa mpaka ine manyazi anandigwira.

Kenako anandilongosolera. Akuti ndere zimenezi zimayamwa ayodini wa m'madzi a mchere tsiku ndi tsiku n'kumusunga m'khungu mwake, wochuluka kuposa wa m'madzimo kambirimbiri. Sizisungira ife ayi, zimasungira moyo wake. Nyanja ya kuno imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku, ndiye ikaphwa, mitu ya ndere imatsala pamtunda, padzuwa ndi pamphepo. Pamenepo m'thupi mwake mumabadwa zinthu zowononga, zodya ndere monga dzimbiri limadyera mbedza. Ndere zikamva zimenezo zimatulutsa ayodini uja, iye n'kuzimitsa zowonongazo zisanafike mkati. Ndakhala ndikuzidula zaka ziwiri osadziwa kuti chomera chopanda maso chimakonzekera tsiku la mavuto chonchi. Ndinachita nazo ulemu.

Koma akuti munthu amafuna ayodini pang'ono zedi, wonga amene amathira mu mchere wa m'mapaketi. Kachidutswa kamodzi ka ndere kangapitirire mlingo umenewo kutalitali. Kwa munthu wamkulu amene wakhala ndi chotupa zaka zambiri, ayodini wochuluka angachititse chithokomiro kugwira ntchito mopitirira, ndipo chimene chimatopa ndi mtima. Nditamuuza za thukuta ndi kunjenjemera, anati iye si dokotala, koma mayi ake akanakhala inu, sakanadikira kuti mwezi uthe.

Amati safunsa anadya phula. Chondiwawa n'choti wosafunsa ndine, koma phula mukudya ndinu. Ndinkafuna kukhala mwana amene anachiritsa mayi ake ali kutali, kuti anthu asamati Tahir anangopita basi. Ndinaganiza za dzina langa kwambiri kuposa khosi lanu, ndipo ndikuchita mantha.

Pempho langa ndi limodzi. Lekani kumwa lero lomwe, ndipo mawa achemwali akuperekezeni ku chipatala ku Salima, mutatenga ndere zotsalazo m'thumba. Ndikudziwa kuti ndi nyengo ya mwera, nsomba zikusowa, ndipo simufuna kuphonya tsiku limene ngalawa zabwera ndi kanthu. Usipa adzayanika alamu.

Ndikukudziwaninso, Amayi. Adokotala akakufunsani ngati mwamwa chilichonse, mudzayang'ana pansi n'kunena kuti ayi, tiyi yekha, kuopa kuti angandinyoze. Munabisa zolakwa zanga zambiri ndili mwana, ngakhale tsiku lija ndinataya nkhafi ya bambo. Ichi chokha musawabisire adokotala, chifukwa akapanda kudziwa adzafufuza kolakwika.

Mundiperekere moni kwa amalume a Idi, azakhali, alamu ndi ana onse. Achemwali, zikomo pondiwerengera, ndipo ngati Amayi akakhale chete pamaso pa adokotala, mukayankhule ndinu. Mukanene kuti anamwa miyezi itatu, kawiri pa tsiku, ndi kuti anawapatsa ndi mwana wawo.

Allah akusungeni mpaka ndidzakuoneni ndi maso, inshallah.

Ndine mwana wanu,
Tahir