Makoswe Oyera ndi Achimwene a Yotamu

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno ku Chelstone tilipo. Mng'ono wanga Tikhale anabereka mwana wamkazi mvula itangoyamba, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinachita bwino, kungoti mbava zinatithandiza kukolola. Ufa ukuvutabe. Timaima pamzere m'tauni, mwina n'kubwerako chimanjamanja.

Ntchito ija munkaiseka ndikuigwirabe, yoweta makoswe oyera ku labotale. Paja munkati, "Sukulu yonse ija, mwana wanga, n'kukathera kuphikira makoswe?" Lekani ndikufotokozereni bwinobwino. Makoswewo timawabaya mankhwala oyambitsa khansa ya m'matumbo, yomweyo imene inakutengani. Ena timawadyetsa zamafuta ndi ufa woyera, ena mgaiwa, gaga ndi nyemba. Pakapita miyezi timawang'amba kuti tione amene atuluka zotupa. Tsiku limene ndinaona chotupa choyamba ndinathamangira panja kukalira, chifukwa ndinakumbukira mmene munkagwirira pamimba. Nditapukuta misozi ndinabwerera kukamaliza.

Sitinganene motsimikiza pakadali pano, koma odya gaga aja akuoneka ngati akulimbako. Vuto ndi lakuti mankhwalawo amachokera kunja ndipo masiku ano sabwera msanga. Anzanga ena atopa, asiya. Ine sindichoka. Gaga akatha ndimakamutenga ndekha pachigayo cha ku Kabwata, n'kukwera naye minibasi.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi, Amayi. Achimwene a Yotamu aonda, mpaka lamba aboolanso. Alamu, akazi awo, anandinong'oneza titatuluka m'tchalitchi kuti achimwenewo akumaona magazi akapita kuchimbudzi. Nditapita ku Libala kukawafunsa, anaseka n'kunena kuti zitha zokha, palibe chovutitsira madokotala. Mawu anu enieni aja! Ngakhale kupukusa mutu kwake n'kwanu. Ndinawauza kuti chotupa chikapezeka chikadali chaching'ono chimachotseka, koma iwo anangokweza wailesi.

Munatilera kuti wamng'ono salimbana ndi wamkulu. Pa ichi chokha mundikhululukire, sindimvera. Ndapempha kale tchuthi kuntchito. Lolemba ndikawagogodera asanapite kuntchito kwawo, ndipo ndikakhala pakhomo pawo, anthu aone ngati afuna, mpaka atavala nsapato n'kupita nane kuchipatala.

Mudzawaona achimwenewo, koma osati chaka chino. Limeneli ndi lonjezo langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi