Dilaivu Yabuluu ya M'kabati

Lolemba, 3 Malichi

Dilaivu yanga yabuluu mulibe m'kabati. Ndasaka ponseponse, mpaka m'katoni ya mawaya akufa. Pachipatala chonse cha makutu chino, makiyi a kabatiyo tili nawo awiri: ine wa makompyuta, ndi bwana watsopano, a Mtambo. Dzinali ndinawapatsa ndine, chifukwa ukangoyasamula, iwo, "Mayi, masiku ano zonse zili mumtambo, pa intaneti."

Zaka zisanu ndakhala ndikusunga zinthu m'dilaivu imeneyi. Pulogalamu iliyonse imene ndinayika m'makompyuta a pano, kope lake lili momwemo, pamodzi ndi timapulogalamu tonse timene imadalira kuti idzuke. Kuti kompyuta ikafa, ndisamagwadire intaneti ya pano yoyenda ngati ikudwala miyendo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Yapezeka. Patebulo la a Mtambo, ataimata kapepala: MAVIDIYO A ALENDO.

Ndinafunsa mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Iwo osadzutsa n'komwe mutu: "Wojambula amasowa poyika mavidiyo. Munali zinyalala zokhazokha, mafayilo opanda mutu. Tafufuta."

"Zonse, bwana?"

"Mudzakoperanso pa intaneti, si ntchito yanu?"

Ndaibwereka masana onse kuyesa kubweza zofufutidwazo. Palibe. Mavidiyo apondereza chilichonse. Ndipo mavidiyo ake otani? Iwowo akudula riboni pakhomo la chipinda chodikirira chimene tangochipaka penti. Kutsogolo, cham'mbali, kumbuyo. Riboni imodzi!

Lachitatu, 5 Malichi

Andipatsa moni pakhonde ngati palibe chachitika. Ndayankha ndi mphuno.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndiye izi. Kompyuta ya m'chipinda cha a Sisita, yochunira timakina ta m'khutu tothandiza kumva, yafa m'mawa. Disiki imangoti tche tche tche. Kusintha disiki sikunanditengere ola. Koma pulogalamu yochunira ija?

Pawebusayiti ya kampani yake patsala yatsopano yokha. Yakale anaichotsa. Ndakopa yatsopanoyo maola atatu, kuyika, kulumikiza kamakina: sikukazindikira. Timakina tonse ta odwala athu ndi takale, tolandira kwa achifundo. Ndalembera kampaniyo, andiyankha kuti zakale sathandizanso, tigule timakina tatsopano. Anthu mazana atatu!

Pabenchi panali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa sitandade folo. Kamakina kawo kakungolira mluzu, ana akayankha m'kalasi sakumva. Lachiwiri likubwerali kukubwera oyendera sukulu, ndipo ahedi awauza kale kuti akapanda kumva ana awasamutsira kosungira mabuku. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akugwira choko.

Amalankhula mokweza, sadzimva: "Mwana wanga, ndibwerenso liti?"

Ndinawalembera papepala kuti Lolemba. Sindikudziwa ndimadalira chiyani.

Lachisanu, 7 Malichi

Msonkhano. Ndilembe momwe ananenera kuti ndisadzaiwale.

"Chikundidabwitsa n'chakuti wa makompyuta wathu alibe kope la pulogalamu yofunika chonchi."

Alibe kope. INE.

Ndinaimirira, mpando mpaka kugwa. Ndinati, "Bwana, kope linalipo. Lili pansi pa riboni yanu." A kumankhwala anayamba kutsokomola dala, a Sisita maso pasimenti. Anthu omwewa akhala akundiona zaka zisanu ndikutsekera dilaivuyo m'kabati Lachisanu lililonse. Palibe anatsegula pakamwa.

A Mtambo akuti ndilembe lipoti, ndifotokoze "kulephera kwanga". Ndilemba, asadandaule. Ndi tsiku, ndi ola, ndi kapepala kawo komata kaja.

Chikundiwawitsa mtima kwambiri n'chakuti penapake akunena zoona osadziwa. Kope limodzi lokha, m'kabati imodzi. Ndinkangoti mawa ndipanga lachiwiri. Izi ndiye sindiuza munthu.

Pofuna kuweruka a Sisita anandipeza kumpopi. "Pepani asisi, ndili ndi ana, simungamvetse." Ndinati nanga ine ndili ndi mbuzi? Kenako akuti, "Kodi si inu munawayikira pulogalamu yomweyi a Dokotala akale pa laputopu yawo, nthawi imene ankayendera odwala kutali?"

Ndinali nditaiwaliratu.

Loweruka, 8 Malichi

Maminibasi awiri, kenako wapansi. A Dokotala anapuma ntchito zaka ziwiri zapitazo. Ndawapeza atavala kabudula akuthirira maluwa. Nditafotokoza anaseka mpaka kukhala pansi, kenako nkhope inasintha. "Aphunzitsi ajatu kamakina koyamba ndinawaveka ndine."

Laputopu inali pamwamba pa wadilopu, batire linafa kalekale, kiyibodi yomata shuga. Tinaiyatsa ndi chingwe. Pulogalamu yochunira anaichotsa mwana wawo kuti mulowe mafilimu. Koma foda imene ndinakoperamo tsiku loyika lija ilipo! Ulesi wanga wosafufuta ndikamaliza ntchito wandipulumutsa.

Kakalata kanga ka m'fodamo kakuti mafayilo ndi khumi ndi awiri. Ndawerenga katatu: khumi ndi imodzi. Yosowayo ndi yaing'ono kuposa onse, yoti kompyuta izindikire kabokosi kolumikizira timakina. Popanda iyo enawo ndi maluwa chabe. Ndinatukwana pamaso pa munthu wamkulu, ndikuchita manyazi mpaka pano. Iwo phee, akuti, "Mwayang'ana m'bini? Mwana uja satsuka mbale, ndiye angakhuthule bini ya kompyuta?"

Inali momwemo.

Ndakopera pa fulashi yanga, pa ina imene andipatsa iwo, ndipo foda ya pa laputopu ndawapempha asaikhudze. Akuti aibweza pawadilopu, aiuza kuti ili pa ntchito ya boma.

Lolemba, 10 Malichi

Ndinafika sikisi koloko, alonda okha ali pageti. Ndinazimitsa intaneti dala kuti pulogalamuyo isayese kudzisintha yokha. Kuyika mafayilo imodziimodzi, mwa ndondomeko ya kakalata kanga. Isanakwane eyiti, kabokosi kanayaka gilini.

Lipoti ndapereka kwa a Mtambo, lina kwa mlembi wa bodi. Masamba awiri. A Mtambo atafika pa ndime ya riboni khutu lawo linafiira. Ine ndinatuluka.

Aphunzitsi anabwera naini, atanyamula makope a ana m'jumbo. A Sisita analumikiza kamakina, ine nditaima kumbuyo. Mizere inatuluka pa sikirini. Anachuna, kuchuna, mluzu uja unaleka.

"Mukundimva, amayi?"

"Musakuwe," anatero, ndi mawu otsika amene sindinawamvepo.

Anayamba kutembenuza mutu pang'onopang'ono. Fani. Mpopi wodontha. Kenako anakwinya nkhope, kuloza chitseko. Pakhonde a Mtambo anali pafoni, mawu onse: vuto lija ndalithetsa, ndinachita kulimbikira ndekha, anyamata anga ndawaphunzitsa kusunga zinthu.

"Kodi akudzitama panjapo ndani?"

A Sisita anandiyang'ana. "Ndi abwana athu, amayi."

Aphunzitsi anadzuka, anatsegula chitseko, ndi mawu aja a sitandade folo: "Bambo inu, kuno n'kuchipatala. Kalongololereni panja."

Ndipo anapitadi.